Masabata 26 akatha, ndalama za ulova ku America zimawonjezedwa liti?

Pa ntchito yanga yolangiza anthu za malamulo a ntchito, funso lina limabwerabwera kuchokera kwa anzathu okhala ku America, ndiponso kwa abale awo kuno kumudzi amene amadalira kangachepe kochokera kumeneko. Munthu amati: "Ntchito inatha, ndakhala ndikulandira ndalama za ulova miyezi isanu ndi umodzi, tsopano andiuza kuti zatha. Ndamva kuti pali zowonjezera. Fomu yake ndikaipeza kuti?" Yankho lake limawawa, koma ndi bwino kulimva kudakali nthawi. Zowonjezerazo zilipodi m'malamulo, koma chimene chimazitsegula ndi chiwerengero cha ulova m'chigawo (state) cha dzikolo chimene munkagwirako ntchito. Kutalika kwa nthawi imene inuyo mwakhala pakhomo, kapena kukula kwa mavuto anu, sizilowa m'masamu amenewo. Mutha kukhala chaka chathunthu mukusaka ntchito usana ndi usiku, chitseko chili chotsekabe.

Kwa ife amene tinakulira m'Malawi nkhaniyi ndi yachilendo, chifukwa kwathu ntchito ikatha munthu amayembekezera malipiro osiyira ntchito ndi zapenshoni, osati ndalama za sabata ndi sabata. Ku America dongosololi linakhazikitsidwa ndi lamulo la Social Security Act la 1935, nthawi ya pulezidenti Franklin Roosevelt, ngakhale chigawo cha Wisconsin chinali chitayamba kale lamulo lake mu 1932. Ndi inshulansi. Amene amalipira ndi olemba ntchito: amapereka msonkho ku boma la chigawo, ndi wina ku boma lalikulu. Wa ku boma lalikuluwo ndi wochepa, nthawi zambiri madola 42 pa chaka pa wantchito aliyense, chifukwa amauwerengera pa madola 7,000 oyamba okha a malipiro, malire amene sanasinthe kuyambira 1983. Ku Alaska, New Jersey ndi Pennsylvania antchito nawonso amadulidwa pang'ono. Ndikunena izi chifukwa ambiri mwa anthu athu amachita manyazi kulembetsa, ati ndi kupemphetsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndalamazo zinaperekedwa kale chifukwa cha thukuta lanu.

Chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake. Zambiri zimalipira mpaka masabata 26. Zina zinadula: ku Florida ndi ku North Carolina, ulova ukakhala wotsika, masabata ake ndi 12 okha. Ndalama ya pasabata imakhala pafupifupi theka la malipiro anu akale koma ili ndi denga, ndipo dengalo ku Florida ndi madola 275, ku Mississippi 235. Bungwe la boma lowerengera za ntchito, Bureau of Labor Statistics, limati munthu ndi lova wa nthawi yaitali akafika masabata 27 asanapeze ntchito. Taonani mmene manambala awiriwa akhalira: sabata imene boma layamba kukutchulani lova wa nthawi yaitali ndi sabata yomweyo imene ndalama zanu zalekeka.

Pofuna kutseka mpata umenewu, mu 1970 nyumba ya malamulo ya Congress inakhazikitsa ndondomeko yokhalitsa yotchedwa Extended Benefits, mwachidule EB. Imawonjezera masabata mpaka 13, ndipo m'zigawo zina mpaka 20 zinthu zikafika poipitsitsa. Mtengo wake amagawana pakati, theka boma lalikulu, theka chigawo. Ndalama ya pasabata ndi yomwe ija munkalandira. Tiyerekeze kuti munkalandira madola 350 pa sabata kwa masabata 26. Ndiye kuti munalandira 9,100, ndipo EB ikhoza kukupatsani 4,550 ina. Lamulo limati zowonjezera zisapose theka la zimene munalandira poyamba, choncho wa ku Florida amene anapatsidwa masabata 12 awonjezeredwa 6 okha. Amene chigawo chake chinamumana poyamba amamanidwanso kachiwiri.

Tsopano pa chotsegulira. Chigawo chilichonse chimakakamizidwa kuyatsa EB pamene anthu olandira ndalama za ulova afika 5 pa 100 aliwonse a antchito otetezedwa ndi inshulansiyi, powerengera masabata 13 apitawa, komanso chiwerengerocho chikhale chitakwera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi nyengo yomweyo m'zaka ziwiri zapitazo. Mawu oti "olandira" ndiwo muwagwiritsitse. Sakuwerenga malova onse. Amene sanalembetse sawerengedwa, amene anakanidwa sawerengedwa, ndipo amene masabata ake atha amachoka m'kaundula tsiku lomwelo. Ndiye vuto likamakhalitsa, anthu ambiri akamamaliza masabata awo, nambala imene imayenera kuwapulumutsa imatsika m'malo mokwera. Chigawo chimene chinadula masabata kufika 12 chimachotsa anthu m'kaundula msanga, motero kufika pa 5 paja kumavuta kwambiri. Kale sizinali zolimba chonchi. Mu 1981, nthawi ya Ronald Reagan, anakweza malire kuchoka pa 4 kufika pa 5, nachotsanso chotsegulira cha dziko lonse chimene chinkayatsa EB m'zigawo zonse nthawi imodzi.

Mu 1992 anawonjezera njira ina imene chigawo chimasankha chokha ngati chikuifuna. Iyi imawerenga malova onse: ulova ukafika 6.5 peresenti kwa miyezi itatu, masabata 13 amatseguka. Ukafika 8 peresenti, amakhala 20. Njira imeneyi ndi yachilungamo kuposa yoyamba ija, koma zigawo zambiri siziifuna chifukwa theka la ndalama lituluka m'thumba lawo. Ilinso ndi msampha wake: ulova uyenera kukhala woposa wa chimodzi mwa zaka ziwiri zapitazo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Tengani chigawo chimene ulova unali 9 peresenti zaka ziwiri zapitazo, 9 chaka chatha, 9 chaka chino. Kuti EB ipitirire pakufunika 9.9. Palibe chimene chasintha kwa anthu, ntchito kulibe, koma lamulo likuona ngati zinthu zakhazikika, ndipo limatseka. Izi zinachitikadi mu 2012, pamene EB inazima m'zigawo zambiri ulova udakali pamwamba, ngakhale Congress inali italola kuyang'ana zaka zitatu m'mbuyo. Kwa ine apa ndi pamene lamuloli linalakwika kwambiri. Limayesa liwiro limene mavuto akukulira, pamene munthu wofuna kulipira lendi akumva kulemera kwa mavutowo.

Nanga masabata 99 amene ena amakumbukira anachokera kuti? Amenewo sanali a EB yokha. Chuma chikagwa kwambiri, Congress imapanga lamulo la kanthawi, kawirikawiri ndalama zake zonse za boma lalikulu, ndipo yakhala ikutero kuyambira 1958. Lotchuka ndi la Emergency Unemployment Compensation limene George W. Bush anasaina mu Juni 2008. Analiwonjezera kangapo mpaka kufika masabata 53, ndipo mukaphatikiza 26 oyamba, 53 amenewa ndi 20 a EB, ndiye 99 aja. Nthawiyo ulova unafika 10 peresenti mu Okutobala 2009, ndipo mu 2010 malova a nthawi yaitali anaposa 6 miliyoni. Lamulolo linatha kumapeto kwa Disembala 2013, Congress osaliwonjezera, ndipo anthu pafupifupi 1.3 miliyoni anadulidwa nthawi imodzi, patangopita masiku ochepa Khirisimasi itadutsa.

Nthawi ya Covid zinabwereza mokulirapo. Lamulo la CARES Act la pa 27 Malichi 2020 linawonjezera madola 600 pa sabata mpaka kumapeto kwa Julaye, masabata 13 kwa amene awo anatha, ndiponso linalowetsa anthu odzilemba okha ntchito, monga oyendetsa galimoto za Uber, amene nthawi zonse sakhala m'gululi. Kenako kunabwera madola 300 pa sabata, ndipo zonse zinatha pa 6 Seputembala 2021, ngakhale pafupifupi theka la zigawo zinadziyimitsira zokha miyezi iwiri kapena itatu tsikulo lisanafike. Ambiri amene amandifunsa lero amakumbukira nyengo imeneyi, n'kumaganiza kuti ndi mmene dongosolo limayendera masiku onse. Ayi, malamulo amenewo anatha. Ena atsopano adzabwera pokhapokha aphungu atagwirizana, ndipo kawirikawiri amagwirizana mochedwa, anthu atavutika kale miyezi.

Pali mkangano wakale woti kuwonjezera masabata kumalimbikitsa ulesi. Akatswiri a zachuma monga Jesse Rothstein, komanso Henry Farber ndi Robert Valletta, anafufuza zimene zinachitika pambuyo pa 2008. Anapeza kuti zowonjezerazo zinatalikitsa ulova pang'ono chabe, ndipo mbali yaikulu ya kutalikako inali yoti anthu anapitiriza kusaka ntchito m'malo motaya mtima n'kungokhala. Kafukufuku wina wa 2013, wa Kory Kroft, Fabian Lange ndi Matthew Notowidigdo, ndiye amandikhudza kwambiri. Anatumiza makalata ofunsira ntchito ongopeka pafupifupi 12,000 m'mizinda 100, osiyanasiyana pa miyezi imene munthu wakhala pa ulova. Kuitanidwa kumayeso kunkatsika kwambiri m'miyezi isanu ndi itatu yoyamba. Bwana akaona mpata wautali papepala amaganiza kuti ena anamukana kale munthuyu, nayenso amangodutsa. Ndiye lova wa nthawi yaitali akulimbana ndi zinthu ziwiri: ntchito zochepa, ndi kalendala imene ikumuipitsira mbiri mwezi uliwonse. Kumudula ndalama sikuchotsa chilichonse mwa ziwirizi.

EB ikayaka m'chigawo chanu, si onse amene amalowa. Muyenera kukhala mutamaliza masabata anu oyamba, ndipo kawirikawiri chaka chanu cha mapindu, chimene ndi masabata 52 kuyambira tsiku limene munalembetsa, chikhale chisanathe pamene EB ikuyaka. Muyeneranso kukhala mutagwira ntchito yokwanira masabata 20 athunthu kapena malipiro ofanana nawo pa nyengo imene amawerengerapo. Malamulo osakira ntchito amalimba. Pa masabata oyamba mutha kukana ntchito yosagwirizana ndi luso lanu; pa EB ntchito iliyonse imene mungathe kugwira, yolipira kuposa ndalama yanu ya pasabata ndiponso yosachepera malipiro otsikitsitsa a boma, imatengedwa ngati yoyenera. Mukaikana, kapena mukalephera kuonetsa umboni wolembedwa wa kumene mwafunsira, amakuimitsani mpaka mutagwiranso ntchito masabata anayi. Ndipo chigawo chikazimitsa EB, malipiro amaima ngakhale muli ndi masabata otsala papepala. Unduna wa zantchito wa dzikolo umatulutsa sabata iliyonse chikalata chosonyeza zigawo zimene EB yayaka, ndipo ofesi ya chigawo imayenera kudziwitsa oyenera, choncho adilesi yanu ndi imelo zikhale zolondola kwa iwo.

Kwa obwera, nkhani ya mapepala ndi yaikulu. Muyenera kukhala munali ndi chilolezo chogwira ntchito pamene munkalandira malipirowo, ndipo mukhale nachobe pamene mukulandira ndalama za ulova. Chilolezo chikatha pakati, ndalama zimaima, chifukwa lamulo limafuna munthu wokonzeka kuyamba ntchito mawa. Amene anagwira ntchito yolipidwa pamanja, yosalembetsedwa, alibe malipiro m'kaundula oti awerengerepo. Ndipo amene ali ndi viza yomangiriridwa kwa bwana mmodzi aonane ndi loya wa za olowa m'dziko sabata yoyamba yomweyo, chifukwa masiku ake okhala m'dzikomo akuwerengedwa padera.

Malangizo anga ndi akuti muwerenge masabata oyambawo ngati ndi okhawo amene mudzalandire. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsiku limene kalata yovomereza yafika, lembani pakalendala sabata yomaliza, ndipo zonse muzikonzere tsiku limenelo: lendi, inshulansi ya chipatala, ngongole ya galimoto. Abale akumudzi auzidwe mwezi woyamba kuti zotumiza zichepa. Ndaona anthu akubisa, akutumizabe fizi ndi feteleza kuchokera pa ndalama za ulova poopa kunyozeka, mpaka onse awiri kugwa limodzi mwezi wachisanu ndi chiwiri. Ganyu mukamupeza mugwireni koma muzinena zimene mwalandira sabata imeneyo. M'zigawo zambiri amangochepetsa ndalama ya sabatayo ndipo zotsala zimakhala m'thumba lanu la mapindu, pamene kubisa kumabweretsa kalata yoti mubweze zonse ndi chindapusa pamwamba. Musaiwalenso kuti ndalamazi mumayenera kuzilipirira msonkho. Kumayambiriro kwa chaka mudzalandira fomu ya msonkho yotchedwa 1099-G, yosonyeza ndalama za ulova zimene munalandira, ndipo mutha kupempha kuti azikudulirani 10 peresenti pasadakhale.

Akakukanani, kalatayo imakhala ndi tsiku lomaliza kuchita apilo, ndipo nthawi yake ndi yaifupi, m'zigawo zambiri pakati pa masiku 10 ndi 30 kuwerengera tsiku limene anaitumiza. Chitani apilo nthawi yomweyo ngakhale umboni wonse musanausonkhanitse. Pamene mukudikira mlandu, pitirizani kulembetsa sabata iliyonse ngati kuti mukulipidwa, chifukwa mukapambana adzakulipirani masabata okhawo amene munalembetsa.