Kuwala kumene kumaulula cadmium m'madzi

Alimi a m'chigwa cha mtsinje wa Jinzu ku Toyama, m'dziko la Japan, anadya mpunga wawo kwa zaka zambiri osadziwa kuti madzi othirira anali ndi cadmium, chitsulo cha poizoni, wochokera ku mgodi wa Kamioka. Impso zinawonongeka, mafupa anafewa, makamaka a amayi achikulire. Mu 1968 boma linavomereza kuti matendawa, otchedwa itai-itai, gwero lake linali cadmium.

Madzi otere amaoneka oyera bwinobwino. Malire a cadmium amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika m'madzi akumwa ndi mamaikulogalamu 3 pa lita, ndipo makina odalirika poyeza kachulukidwe kochepa chonchi, monga ICP-MS, amafuna ndalama zankhaninkhani, mpweya wa argon ndi katswiri. N'chifukwa chake akatswiri a kemisitiri akhala akupanga mamolekyulu oti aziwala akakumana ndi chitsulochi.

Molekyuluyo imakhala ndi mbali ziwiri. Ina imawala ikaunikidwa ndi nyali ya ultraviolet, yomwe ija amaunikira ndalama kubanki. Inayo ndi dzanja logwirira chitsulo, kawirikawiri lokhala ndi nitrogen. Dzanjalo likakhala lopanda kanthu, elekitironi (kanthu kakang'ono kwambiri konyamula mphamvu ya magetsi) ya nitrogen imadumphira ku mbali yowalayo n'kuizimitsa. Likagwira cadmium, elekitironiyo imamangika pachitsulopo, kuwala n'kubuka. Njirayi anaikuza kwambiri ndi A. P. de Silva wa ku Queen's University Belfast kuyambira m'ma 1980.

Kuwalitsa si nkhani. Mutu umawawa pa zinc, chitsulo china chofanana kwambiri ndi cadmium. Pa tchati cha maelementi, cadmium ali pansi penipeni pa zinc, ndipo dzanja logwira mmodzi limagwiranso mnzake. Komanso awiriwa amachokera m'mwala umodzi. Ku Kabwe m'dziko la Zambia, kumene mgodi wa mtovu ndi zinc unatsekedwa mu 1994, dothi lili ndi zinc ndi cadmium yemwe. Popeza cadmium ndi wokulirapo kuposa zinc, pofuna kuwasiyanitsa ofufuza amakulitsa malo ogwirira, kapena amapanga molekyulu yosintha mtundu wa kuwala m'malo mongoyaka.

Palinso zosokoneza zina. Madzi akakhala ndi asidi wambiri, molekyulu imatha kuyaka popanda cadmium n'komwe, pomwe kopa amazimitsa kuwala ngakhale cadmium alipo. Mamolekyulu ambiri amene amatamandidwa m'malipoti anayesedwa m'madzi osakaniza ndi mankhwala a mulabu, osati a m'chitsime.

Ine ndimawaona ngati chida chosankhira: pa zitsime zambiri, asonyeze zoyenera kutungako madzi opita ku labu. Koma chitsime chisatsekedwe kapena kutsegulidwa makina akuluakulu aja asanatsimikize.