Kabokosi Kobadwa pa Ngozi: Mbiri ya Fuzz ndi Mkangano wa Germanium ndi Silicon

Mu 1960, mu situdiyo ya Quonset Hut ku Nashville, ku America, makina anachita vuto ntchito ili mkati. Marty Robbins ankajambula nyimbo yake ya "Don't Worry", Grady Martin ali pa gitala ya besi ya nsambo 6. Transformer ina, kachipangizo kosintha mphamvu ya magetsi, m'makina osakanizira mawu inawonongeka, besi ija n'kuyamba kulira mosasa ngati mavu otsekeredwa m'chitini. Akanatha kufufuta n'kuyambiranso, koma anazisiya momwemo. Nyimboyo itatuluka mu 1961 inayenda malonda, ndipo oimba ena anayamba kufika kwa injiniya wa tsikulo, Glenn Snoddy, kudzafuna kulira komweko. Tsoka ilo, chinthu chowonongeka sichimvera mwini wake. Transformer ija inadzaferatu.

Aka sikanali koyamba kuti gitala ilire chonchi. Link Wray anabowola sipika ndi pensulo cha m'ma 1958, ndipo pambuyo pake, mu 1964, Dave Davies wa gulu la The Kinks anacheka yake ndi lezala. Koma sipika yong'ambika siibwerera mwakale ikafika nyimbo yofuna mawu oyera. Chimene Snoddy anachita, pamodzi ndi injiniya mnzake Revis Hobbs, ndi kutsekera vuto lija m'kabokosi koponda ndi phazi, kuti lizibwera poitanidwa n'kumachoka pothamangitsidwa. Anagwiritsa ntchito ma transistor atatu (tizipangizo tokuza magetsi) opangidwa ndi mwala wotchedwa germanium, ndi mabatire awiri a 1.5V. Kampani ya Gibson inatenga nzeruyo, ndipo mu 1962 kabokosiko kanatuluka ndi dzina loti Maestro Fuzz-Tone FZ-1. Kulira kosasa kuja, ndi kabokosi kokutulutsa, ndizo zimatchedwa fuzz.

Chodabwitsa n'choti a Gibson eni ake sanadziwe chimene anali nacho m'manja. Ankakatsatsa ngati chida chothandiza gitala kutsanzira malipenga ndi zoimbira zina. Anatumiza timabokosi topitirira 5,000 m'masitolo chaka choyambacho, tambiri n'kungokhala pa shelefu kumadya fumbi. Ngakhale Keith Richards wa The Rolling Stones, amene anakatchukitsa mu 1965 ndi "Satisfaction", anakaponda pofuna kungosonyeza pamene malipenga adzalowe. Malipengawo sanalowe, nyimbo inatuluka choncho, ndipo chaka chisanathe timabokosi tija tinali titatha m'masitolo.

Kuti mkangano umene unadza pambuyo pake, woti fuzz yokoma ndi ya ma transistor a germanium kapena a mwala wina wotchedwa silicon, umveke, tiyambe taona zimene zimachitika mkatimo. Nsambo ikagwedezeka, pickup ya gitala, kachipangizo ka pansi pa nsambo kotola kugwedezekako, imatulutsa magetsi ochepa kwambiri, okwera ndi kutsika ngati mafunde a panyanja tsiku la bata. Transistor imakuza mafundewo. Koma siingawakuze kupitirira mphamvu ya batire, choncho mukaikakamiza, nsonga za mafunde zimagunda denga n'kudulidwa. Funde lodulidwa nsonga limabereka mawu ena ambirimbiri pamwamba pa liwu loyamba lija, ndipo khutu limamva kusasa. Chachiwiri, nsambo ikamafooka liwu silitsika msanga, chifukwa ngakhale kugwedezeka kochepa kumakuzidwabe mpaka kudenga. N'chifukwa chake gitala ya fuzz imakoka liwu nthawi yaitali ngati ya munthu woimba ndi uta.

Nkhani itawoloka nyanja inafikira ku Denmark Street ku London, kumene abale awiri, Larry ndi Joe Macari, anali ndi sitolo ya zoimbira. Mu 1965 mnyamata wina wokonza zamagetsi, Gary Hurst, anatenga kapangidwe ka FZ-1, n'kukweza mphamvu kufika pa 9V kuti liwu lizikhalitsa, ndipo kanabadwa ka Tone Bender, kogulitsidwa ndi Sola Sound. Kanasinthasintha mofulumira: ka ma transistor atatu, kenako awiri, kenako atatu kachiwiri mu mtundu wa MKII wa 1966, umene unkakhala ndi ma transistor otchedwa OC75 kapena OC81D a kampani ya Mullard. Jeff Beck ndi Jimmy Page anadutsa m'banja limeneli.

Koma kamene kamayambitsa mikangano mpaka lero ndi Fuzz Face, kotulutsidwa ndi Arbiter Electronics kumapeto kwa 1966. Ndi kozungulira ngati tsinde la choimikira maikolofoni, ndipo zopotokola ziwiri pamwamba, chopondera pakati ndi chikwangwani chopindika m'munsi zimapanga nkhope yomwetulira. Mukakatsegula mukhoza kukhumudwa. Muli ma transistor awiri, ma resistor (tochepetsa magetsi) anayi, ma capacitor (tosunga magetsi pang'ono) atatu, zopotokola ziwiri zija, batire, basi. Wokonza mawailesi aliyense wa pamsika angakalumikize madzulo amodzi.

Nzeru yake ili pa resistor imodzi ya 100k, imene imatenga magetsi kuchokera ku transistor yachiwiri n'kuwabwezera pakhomo la yoyamba. Awiriwo amakhala omangirirana: ina ikasuntha, inzake imasuntha nayo. Kulumikiza kotereku kumachititsanso kuti khomo la kabokosika likhale lolemera kwa pickup, moti gitala ndi fuzz zimasanduka chinthu chimodzi. Apa ndi pamene pagona ulemerero wake wonse. Mukatsitsa pang'ono voliyumu ya pa gitala, mavu aja amabalalika, n'kutsala mawu oyera, owala ngati galasi. Mukaikweza, chimkokomo chabwerera, phazi osaligwiritsa ntchito. Jimi Hendrix, amene anafika ku London mu Seputembala 1966, kabokosika katangotsala pang'ono kulowa m'masitolo, ankasewera kwambiri ndi chala pa voliyumu imeneyi. Komanso n'chifukwa chomwecho Fuzz Face ndi kansanje. Kamafuna kukhala koyamba kulandira waya wochokera ku gitala, ndipo mukaika patsogolo pake chida china chokhala ndi buffer, kachipangizo kolekanitsa gitala ndi zida zotsatira, kamalira mokwiya ndipo voliyumu ija siikamveranso bwino.

Timabokosi toyamba tinali ndi ma transistor a germanium otchedwa NKT275, opangidwa ndi kampani ya Newmarket. Germanium ndiye anali mwala wa transistor yoyamba ya ku Bell Labs mu 1947, ndipo pofika 1966 anali kale wachikale. Amayamba kugwira ntchito pa magetsi ochepa, cha pa 0.2V kapena 0.3V, pamene silicon amadikira 0.6V kapena 0.7V. Sakuza kwambiri mawu am'mwamba, choncho kulira kwake kumamveka kofewa, konenepa. Koma ali ndi matenda awiri. Oyamba ndi kudontha: amalola magetsi kudutsa ngakhale asanauzidwe, ndipo kudonthako kumawirikiza pafupifupi kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Kabokosi kolira bwino m'mawa wa mu Juni kakhoza kumatsamwa masana a mu Okutobala, kapena pansi pa nyali za pa siteji. Achiwiri ndi kusafanana. Ma transistor awiri a nambala imodzi, ochokera m'bokosi limodzi, ankatha kusiyana mphamvu kutalitali, ndipo ku fakitale sankawasankha mosamala. Ma Fuzz Face awiri ogulidwa tsiku limodzi, kena kankaimba, kena kankangofwenthera. Roger Mayer, injiniya amene ankathandiza Hendrix, ankathera nthawi pa ntchito yosankha ndi kukonza timabokosi timeneti.

Ndiye musadabwe kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kampaniyo, imene tsopano inkatchedwa Dallas Arbiter, inasamukira ku silicon: BC183, BC108 ndi anzawo. Kwa wopanga katundu zinali zanzeru. Silicon ndi wotchipa, sadontha kwenikweni, saopa dzuwa. Koma mphamvu yake yokuza ndi yaikulu, kulira kwake n'kwakuthwa, ndipo timabokosi tina tinkalira tokha kapena kugwira wailesi pakati pa nyimbo. Mu 1969 ku New York, Mike Matthews wa Electro-Harmonix ndi Bob Myer anapita patali ndi Big Muff Pi, ya ma transistor anayi a silicon ndi ma diode odula mafunde. Kameneko n'kolimba mtima, kamalira chimodzimodzi kulikonse, koma sikamvera chala cha pa voliyumu ngati achimwene ake.

Nthawi imeneyo palibe ankalira maliro a germanium. David Gilmour wa Pink Floyd anaimba ndi Fuzz Face ya silicon kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anthu osadandaula. Ndi zaka zomwezo pamene kulira kwa fuzz kunafika ku Zambia n'kukhala chizindikiro cha Zamrock, nyimbo za rock za kumeneko, m'manja mwa magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, amene nyimbo zake zina ankaziimba m'Chinyanja. Mukamvetsera zimbale zimenezo, gitala yake ndi yaukali, yokhadzula, yopanda manyazi, ndipo sindikhulupirira kuti wovina aliyense ku Kitwe kapena ku Lusaka anafunsapo mwala umene unali m'kabokosi.

Mkangano unadzabuka mochedwa, m'zaka za m'ma 1990, pamene oimba anatopa ndi zida za digito n'kuyamba kusakasaka zakale. Kampani ya Dunlop inatenga dzina la Fuzz Face mu 1993, amisiri ang'onoang'ono anayamba kupanga timabokosi pamanja, ndipo intaneti inapatsa aliyense bwalo. Mbali ina inati germanium ndiye fuzz yeniyeni, makamaka NKT275, ndipo ena anawonjezera kuti batire likhale lotchipa la carbon-zinc, lofookako pang'ono. Mbali inayo inati zonsezi n'zikhulupiriro chabe. Pakati pawo panaima anthu ngati injiniya R.G. Keen, amene anayeza n'kufotokoza kuti Fuzz Face yokoma imafuna transistor yoyamba yokuza mocheperapo, cha m'ma 70 kapena 80, yachiwiri yoposa 100 pang'ono, zonse zosadontha kwambiri. Amisiri ambiri amaonjezera kuti mwendo wa yachiwiriyo wotchedwa collector ukhale cha pa 4.5V, theka la batire.

Ine ndili kumbali ya oyezawo, ngakhale sindinena kuti a germanium akulota. Kusiyana kulipo ndipo kumamveka, makamaka pa kufewa kuja voliyumu ikatsika. Ngakhale za batire zili ndi pogwira, popeza m'kabokosi ka ziwalo zochepa chonchi batire nalonso ndi chiwalo. Chimene sindivomereza ndi kulambira nambala yolembedwa pa chitsulo. Timabokosi ta 1966 timene tikutamandidwa lero ndi tija tinapulumuka chifukwa tinali tabwino. Toipa tinatayidwa kalekale kapena tinasinthidwa ziwalo, ndipo kutchuka kwa NKT275 kwamangidwa pa otsala okhaokha.

Msika nawo unaona mpata. Newmarket inasiya kalekale kupanga ma transistor amenewa, otsala enieni ndi ochepa, ndipo achinyengo ongodindidwa nambala yomweyo ali mbwee. Amisiri ambiri anatembenukira ku germanium wa ku Soviet Union, wa mitundu ya MP ndi GT, amene anapangidwa wochuluka zedi ndipo akupezekabe m'mapaketi osatsegula. Ena amaika chopotokola chachitatu choti woimba azikonzera yekha bias, mlingo wa magetsi amene transistor imagwirira ntchito, nyengo ikasintha. Kampani ya Benson ku Portland inafika poika kotenthetsera mkati mwa kabokosi, kuti ma transistor azikhala pa kutentha kumodzi. Ndipo popeza germanium wambiri ndi wa mtundu wa PNP, Fuzz Face yachikale imalumikizidwa mozondoka, mbali ya pulasi ndiyo imapita ku chitsulo cha bokosi. Mukaipatsa magetsi pa waya umodzi ndi timabokosi tina tamakono, mwachititsa shoti. Ichi n'chifukwa chake ambiri opanga fuzz yachikale mpaka lero saboola n'komwe polowetsa adaputala, amangosiya kachingwe ka batire la 9V.