Kuyera mtima si kwa ansembe ndi masisitere okha

Ambiri tinakula tikuona zithunzi za oyera mtima pakhoma la tchalitchi, azungu a ndevu ovala mikanjo, ndipo tinkaganiza kuti woyera ayenera kukhala wansembe kapena sisitere wakalekale. Koma Paulo polembera mpingo wa ku Korinto, umene unali ndi mikangano yambiri, anawatchula kuti oyera.

Benedict Daswa wa ku Limpopo ku South Africa anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ya pulaimale, bambo wa ana asanu ndi atatu. Mphezi zitawotcha nyumba m'mudzi mwawo, akuluakulu anagwirizana kuti aliyense asonkhe ndalama zoitanira sing'anga kuti adzaloze mfiti. Daswa anakana. Anati mphezi ndi chilengedwe chabe, ndipo chikhulupiriro chake sichimulola kusonkhera zimenezo. Pa 2 February 1990 anthu anatseka msewu ndi mitengo, namugenda ndi kumumenya mpaka kufa. Mu 2015 Mpingo wa Katolika unamutcha Wodala, sitepe yomwe munthu amadutsa asanatchedwe Woyera. Aliyense amene anakhalapo pamsonkhano wa kwa amfumu akudziwa kulemera kwa kukana wekha pamene mudzi wonse wavomera.

Nawo ofera chikhulupiriro a ku Uganda, 22 aja amene Papa Paulo VI anawalengeza kuti ndi oyera mu 1964, panalibe wansembe ndi mmodzi yemwe. Ambiri anali anyamata otumikira kunyumba ya Mfumu Mwanga, ndipo Kizito anali ndi zaka pafupifupi 14 zokha.