Mphamvu za mabungwe a boma zimalekeza pati? Mafunso ndi mayankho

Uthengawu unafika usiku pa WhatsApp, pagulu lathu lothandizana pamaliro. Bambo ena a ku Mufakose kuno ku Harare, omwe mwana wawo amagwira ntchito ku America, analemba kuti khoti lalikulu la kumeneko lalanda mphamvu mabungwe a boma oyang'anira malonda ndi ntchito zina. Mmene kumacha, amayi ogulitsa matimati ku Mbare Musika anali atafunsa kale ngati ndiye kuti a khonsolo asiya kulanda katundu. Ndasonkhanitsa mafunso amene anabwera kawirikawiri kuti tiwayankhire pamodzi.

Kodi chinachitika n'chiyani ku America?

Pa 28 June 2024, Supreme Court, lomwe ndi bwalo lalikulu kuposa onse m'dzikomo, linagamula mlandu wa pakati pa kampani ya usodzi ya Loper Bright Enterprises ndi Gina Raimondo, nduna ya zamalonda ya nthawiyo. Odandaula anali asodzi a ku New Jersey opha nsomba zotchedwa herring m'nyanja ya Atlantic. Lamulo la usodzi la kumeneko, lomwe linakhazikitsidwa mu 1976, limalola boma kukweza munthu wake m'boti kuti aziona nsomba zomwe zikuphedwa. Chomwe chinawawawa asodziwo n'choti nthambi yoona za usodzi, National Marine Fisheries Service, inalamula kuti eni maboti ndiwo azimulipira munthuyo, ndalama zofika madola 710 patsiku, chonsecho lamulolo silinanene poyera kuti asodzi a herring azilipira. Taganizirani msodzi wa matemba ku Kariba atauzidwa kuti woyang'anira wa boma akwera nawo usiku uliwonse, ndipo malipiro ake achoka pa matemba omwewo.

Oweruza 6 anagwirizana ndi chigamulocho, chomwe analemba ndi mkulu wa oweruza, John Roberts. Iwo sanagamule za madola 710 aja ayi, nkhani imeneyo anaibweza ku makhoti aang'ono. Chachikulu chomwe anachita ndi kuthetsa mfundo ya Chevron.

Mfundo ya Chevron ndiye chiyani?

Dzinali linachokera ku mlandu wa mu 1984 wokhudza kampani ya mafuta ya Chevron ndi lamulo loteteza mpweya. Kuyambira pamenepo, kwa zaka 40, woweruza ankadzifunsa mafunso awiri. Loyamba: kodi aphungu analemba momveka bwino zomwe akufuna? Ngati analemba, nkhani yatha. Ngati mawu a lamulo ndi osamveka kapena palibe chomwe ananena, funso lachiwiri linali lakuti: kodi mmene bungwe la boma lawamasulira mawuwo n'zomveka kwa munthu woganiza bwino? Zikakhala zomveka, woweruza ankayenera kuvomereza, ngakhale iye mwini akuona kuti tanthauzo lenileni ndi lina.

Roberts ndi anzake anati zimenezi zikusemphana ndi lamulo la mu 1946 lotchedwa Administrative Procedure Act, lomwe limati khoti ndilo ligamule mafunso onse okhudza tanthauzo la lamulo. Tsopano woweruza amvetsera maganizo a akatswiri a bungwelo, koma kumasulira lamulo ndi ntchito yake.

Ndiye kuti mabungwewo atha ntchito?

Ayi ndithu. Onse alipo ndipo akulembabe malamulo awo. Milandu yakale yomwe inagamulidwa potsatira Chevron sinafafanizidwe. Aphungu akafuna kupatsa bungwe mphamvu yosankha lokha pa nkhani ina, angathe, bola alembe momveka. Chasintha n'chakuti mawu akakhala osamveka, bungwe siliwinanso chifukwa chongokhala bungwe la boma.

Chigamulochi chikugwira ntchito kuno ku Harare?

Sichikugwira. Zigamulo za ku America sizimanga khoti lililonse la ku Zimbabwe kapena ku Malawi. Amayi anga a ku Mbare, musakatchule Loper Bright kwa wapolisi wa khonsolo, sizikuthandizani.

Koma funso lomwe asodzi aja anafunsa ndi lathu lomwe: mphamvu imeneyi mwaitenga kuti? Ndipo yankho lake tili nalo kale m'malamulo oyendetsera dziko lino a mu 2013, kungoti ambiri a ife sitinawawerengepo.

Timamva za SI tsiku ndi tsiku. Kodi SI ndi lamulo lenileni?

Apa ndiye pagona nkhani kwa ife. SI ndi chidule cha Statutory Instrument, lamulo laling'ono lomwe nduna kapena bungwe la boma limalemba pogwiritsa ntchito mphamvu yomwe nyumba ya malamulo inalipatsa. Aphungu sangakhale kunyumba ya malamulo ku Mount Hampden kukambirana mtengo wa laisensi iliyonse, ndiye amalemba lamulo lalikulu n'kusiyira ena zing'onozing'ono: ZERA za magetsi ndi mafuta, POTRAZ za mafoni, EMA za chilengedwe, MCAZ za mankhwala. Tonse tikukumbukira SI 64 ya mu 2016 yomwe inaletsa kulowetsa katundu wina popanda chilolezo, mpaka ku Beitbridge kunabuka zipolowe, ndi SI 142 ya mu June 2019 yomwe inaletsa kugula zinthu ndi madola a ku America. SI imaluma ngati lamulo lina lililonse.

Komabe SI ndi mwana, lamulo la aphungu ndiye kholo. Gawo 134 la malamulo oyendetsera dziko limaika malire. Aphungu sangapereke kwa wina udindo wawo weniweni wopanga malamulo. Lamulo lopereka mphamvulo liyenera kunena malire a mphamvuyo. SI isasemphane ndi lamulo lomwe yachokerako, ndipo isaphwanye ufulu wa anthu wolembedwa m'malamulo oyendetsera dziko. Siyamba kugwira ntchito isanasindikizidwe mu Gazette, nyuzipepala ya boma yolengezeramo malamulo. Iyeneranso kupita kunyumba ya malamulo ndi kukomiti ya aphungu yoona ngati malamulo akugwirizana ndi malamulo oyendetsera dziko.

Mfundo ya Gazette ija muisunge bwino. Mawu omwe nduna yalankhula pamsonkhano kapena pa wailesi, kapena kalata yomatidwa pakhomo la ofesi, paokha si lamulo.

Nanga makhoti athu anayamba aletsapo boma pa zoterezi?

Kangapo konse, ndipo zitsanzo ziwiri za mu 2019 zimaphunzitsa zambiri.

Mu January chaka chimenecho, mafuta atakwera mtengo anthu n'kuchita zionetsero, intaneti inatsekedwa. EcoCash inavuta, abale akunja sankatha kutipeza. Mabungwe a MISA Zimbabwe ndi Zimbabwe Lawyers for Human Rights anakadandaula ku High Court, ndipo pa 21 January woweruza Owen Tagu anagamula kuti nduna yoona za chitetezo, Owen Ncube, inalibe mphamvu yolamula zimenezo pansi pa lamulo la Interception of Communications Act. Taonani pomwe mlanduwo unathera. Sanatsutsane zoti intaneti ndi yabwino kapena yoipa. Funso linali loti amene analamulayo ndiye anapatsidwa mphamvuyo kapena ayi.

Chachiwiri ndi msonkho wa 2 peresenti pa ndalama zotumizirana pafoni ndi kubanki. Kale unali masenti 5 pa kutumiza kulikonse. Mu October 2018 nduna ya zachuma, Mthuli Ncube, inausintha kudzera mu SI 205 ya 2018. Mu September 2019 woweruza Happias Zhou anagamula kuti nduna singasinthe lamulo la aphungu ndi SI. Anthu anasangalala, koma msonkhowo sunachoke, chifukwa pofika nthawiyo aphungu anali atauika kale m'lamulo la zachuma. Zimenezi zinakhumudwitsa ambiri, ine ndemwe. Koma ndimaonabe kuti chigamulocho chinali chofunika: msonkho womwe wadutsa kwa aphungu uli ndi eni ake odziwika, omwe tingawafunse akabwera kudzapempha mavoti. Wongotuluka mu ofesi ya nduna tilibe woti tikamufunse.

Ife a zitupa zolembedwa kuti alien (mlendo), nkhaniyi ikutikhudza bwanji?

Palibe anthu omwe anamva kuwawa kwa mphamvu ya munthu wa pakauntala ngati ife. Agogo athu anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury. Ana awo anabadwira ku Mbare, ku Highfield, ku Mabvuku. Mu 2001 lamulo la unzika litasinthidwa, anthu ambiri omwe sanapondepo ku Malawi anauzidwa kuti akakane kaye unzika wa dziko la makolo awo, ndipo omwe sanatero anasanduka alendo kwawo komwe.

Gawo 43 la malamulo a mu 2013 linakonza zimenezi. Ngati munabadwira ku Zimbabwe malamulowa asanasindikizidwe, kholo lanu limodzi kapena onse awiri anali nzika za dziko la mu SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo munkakhala kuno pa nthawi yomwe ankasindikizidwa, ndinu nzika yobadwa. Simupempha, ndinu kale. Komabe anthu anapitiriza kubwezedwa pakalembera wa zisankho, mpaka mu November 2017 woweruza Nyaradzo Munangati-Manongwa wa ku High Court analamula kuti anthu otere aloledwe kulembetsa, bola aonetse chitupa chawo chomwecho, setifiketi ya kubadwa ndi umboni wa komwe amakhala. Lamulo linalipo kale kwa zaka zinayi. Chinkasowa ndi wokakamiza ofesi kuti ilitsatire.

Ndikudziwa achikulire angapo omwe mpaka lero amaopa kukasinthitsa chitupa, poganiza kuti akakangofika kumeneko adziputira mavuto. Adzukulu, aperekezeni agogo anuwo.

Ndiye si bwino kuti mabungwe onsewa angochepetsedwa mphamvu?

Apa ndisiyana maganizo ndi ena a pagulu lathu. Ku America komweko woweruza Elena Kagan anatsutsa chigamulocho, mothandizidwa ndi Sonia Sotomayor ndi Ketanji Brown Jackson. Mfundo yake inali yoti mafunso ambiri osamveka m'malamulo ndi a sayansi, a mankhwala ndi a zachilengedwe, ndipo akatswiri a m'mabungwe amawadziwa bwino kuposa oweruza. Mfundo imeneyi ndi yolemera. Amene ali ndi ndalama zolembera maloya kuti alimbane ndi bungwe la boma chaka ndi chaka nthawi zambiri si msodzi kapena mayi wa matimati, ndi makampani akuluakulu.

Ife a mu Harare timamwa madzi a mu Chivero, nyanja yomwe imalandira zonyansa za mzinda womwewu. Kolera wa mu 2008 ndi 2009 anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo mu 2018 anabweranso ku Glen View ndi ku Budiriro. Munthu yemwe anaika maliro masiku amenewo sangapemphe kuti woyang'anira madzi ndi zimbudzi afooke. Ine ndikufuna EMA yamphamvu yoti fakitale yotayira zoipa mu mtsinje wa Mukuvisi iziiopa, ndi MCAZ yoti mankhwala abodza asafike kwa ana athu. Koma mphamvu imeneyo ikhale yolembedwa, yoti aliyense angaiwerenge n'kuona polekezera pake. Vuto lathu kuno nthawi zambiri si kuchuluka kwa mphamvu, koma kuti imagwera wosauka msanga n'kumulambalala wolemera.

Bungwe la boma kapena khonsolo ikandichitira zomwe ndikuona kuti si zolondola, ndiyambire pati?

Safunsa anadya phula. Funsani mwaulemu dzina la lamulo kapena nambala ya SI yomwe akugwiritsa ntchito, ndipo mulembe. Gawo 68 la malamulo oyendetsera dziko limati ogwira ntchito za boma azichita zinthu motsatira lamulo, mwachangu, mosakondera ndiponso mwachilungamo, ndipo munthu yemwe zamukhudza ali ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zolembedwa papepala. Lamulo la Administrative Justice Act limanenanso kuti mupatsidwe mpata wonena mbali yanu. Lembani kalata yopempha zifukwazo, mupange ziwiri, ina aidinde n'kukubwezerani.

Musalimbane nawo pamsewu. Akakulipiritsani chindapusa, funsani lisiti. Akalanda katundu, pemphani pepala losonyeza zomwe atenga. Ikakhala nkhani ya nyumba, gawo 74 limati munthu asachotsedwe m'nyumba mwake kapena kugwetseredwa nyumba popanda chilolezo cha khoti, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuchiona.

Ndalama za loya ndilibe. Ndiye basi?

Si basi. Legal Aid Directorate ndi nthambi ya boma yothandiza osowa pa milandu. Legal Resources Foundation ndi Zimbabwe Lawyers for Human Rights amathandizanso, ndipo Zimbabwe Human Rights Commission imalandira madandaulo okhudza kusayenda bwino kwa ntchito m'maofesi a boma. Vuto likakhala la anthu ambiri, monga ogulitsa a pamsika umodzi, pitani pamodzi.

Chomwe chimagwetsa ambiri ndi nthawi. Pempho loti High Court iunikenso chiganizo cha bungwe la boma liyenera kuperekedwa pasanathe masabata 8 kuchokera pomwe nkhaniyo inagamulidwa. Mukachedwa, mumayamba mwapempha khoti kuti likukhululukireni, ndipo likhoza kukana. Choncho tsiku lomwe mwalandira kalata mulilembe pakona pa kalatayo, muijambule ndi foni, ndipo mukaonane ndi okuthandizani sabata yomweyo, mutatenga chitupa, malisiti ndi kalata yanu yodindidwa ija.