Pakati pa Pearl Harbor ndi Hiroshima pali anthu amene mukuwadumpha

Ndaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale kwa zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse ndikamachonga mapepala ndimapeza yankho lomwelomweli: Japan inaphulitsa Pearl Harbor, America inapsa mtima n'kuponya bomba ku Hiroshima, nkhondo n'kuthera pomwepo. Akanakhala ana okha bwenzi ndikupirira. Koma ndimamvanso akuluakulu, ena ophunzira bwino ndithu, akunena zomwezo m'minibasi ndi pa bawo, ngati kuti china chinachitika Lolemba china Lachiwiri. Ndatopa nazo. Pearl Harbor inaphulitsidwa pa 7 Disembala 1941, pomwe bomba la ku Hiroshima linagwa pa 6 Ogasiti 1945. Pakatipo pali zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi itatu, ndipo mmenemo ndi momwe muli nkhondo yeniyeniyo.

Komanso Japan sinangodzuka m'mawa n'kuganiza zoputa America. Inali italanda Manchuria mu 1931, ndipo kuyambira 1937 inali pa nkhondo yoopsa ndi China. Nkhondo imamwa mafuta, ndipo mafuta ambiri a Japan ankachokera ku America komweko. Asilikali a Japan atalowa kumwera kwa Indochina mu Julaye 1941, boma la Franklin Roosevelt linatsekereza chuma cha Japan chomwe chinali ku America, mafuta n'kusiya kupita. Akuluakulu a ku Tokyo anatsala ndi njira ziwiri: kuchoka ku China, kapena kukalanda zitsime za mafuta ku Dutch East Indies, komwe lero ndi Indonesia. Anasankha kulanda. Sitima zankhondo za America zomwe zinali pa doko la Pearl Harbor ku Hawaii ndizo zikanawatsekera njira, n'chifukwa chake anayamba ndi kuziphwanya. Anthu a ku America oposa 2,400 anafa Lamulungu limenelo. Koma sitima zikuluzikulu zonyamula ndege sizinali padoko, ndipo patangotha miyezi isanu ndi umodzi, pa nkhondo ya panyanja ya ku Midway, Japan inataya zake zinayi zoterozo.

Za Guadalcanal, Saipan ndi Iwo Jima sindikhalitsapo, mabuku a kusukulu amazifotokoza. Chomwe muyenera kugwira n'chakuti America inkalanda chilumba chimodzichimodzi, ikusendera kufupi, mpaka ndege zake za B-29 zinayamba kufika pamwamba pa mizinda ya Japan. Usiku wa pa 9 kuchera pa 10 Malichi 1945 ndegezo zinathira mabomba oyatsa moto pa Tokyo, m'madera omwe nyumba zambiri zinali zamatabwa. Anthu pafupifupi 100,000 anapsa usiku umodzi wokha. Chiwerengerochi chikuposa cha anthu omwe anafa ndi bomba la atomiki ku Nagasaki, koma ndikafunsa m'kalasi kuti ndani anamvapo za usiku umenewu, palibe dzanja lomwe limakwera.

Nkhani yomwe imandisowetsa tulo inachitikira ku Okinawa. Asilikali a America anatsika pa chilumbachi pa 1 Epulo 1945, cha kugombe la mudzi wa Yomitan. Anthu wamba anathawira m'mapanga, omwe kumeneko amawatcha gama. Mapanga awiri ali moyandikana m'mudzi womwewo. M'phanga la Chibichiri munabisala anthu pafupifupi 140. M'phanga la Shimuku munali anthu pafupifupi 1,000.

Onsewa anali atauzidwa chinthu chimodzi kwa zaka: Mmereka ndi chilombo, akakugwira wamoyo agwiririra akazi, apha amuna mwankhanza, ndipo kugwidwa ndi mdani ndi manyazi aakulu kuposa imfa. Aphunzitsi ankanena zimenezi, asilikali ankanena zimenezi, nyuzipepala nazonso chimodzimodzi. Ku Chibichiri kunali anthu omwe anakhalako ku China limodzi ndi gulu lankhondo la Japan, ndipo anaona ndi maso awo zomwe asilikali awo ankachitira anthu ogonja. Anaganiza kuti nawonso achitiridwa zomwezo. Pa 2 Epulo anthu anayamba kuphana okhaokha m'phangamo, makolo kupha ana awo, ena kuyatsa zofunda kuti utsi uwamalize. Anafa oposa 80, ndipo ambiri mwa iwo anali ana.

Ku Shimuku mantha anali omwewo. Kusiyana kwake kunali kwakuti m'phangamo munali abambo awiri omwe anakagwirako ntchito ku Hawaii. Ankadziwa Chingerezi, ndipo anali atakhalapo ndi anthu a ku America. Anauza anzawo kuti asilikaliwo sapha munthu wosanyamula chida, anatuluka kukalankhula nawo, ndipo khamu lonselo linatuluka lamoyo.

Ndimaima pamenepa nthawi yaitali ndikamaphunzitsa. Mudzi umodzi, sabata imodzi, mdani mmodzi. Mayi wa ku Chibichiri sankakonda mwana wake mochepera kuposa mayi wa ku Shimuku. Anamupha chifukwa chomukonda, pokhulupirira zomwe anauzidwa ndi anthu omwe ankawalemekeza. Zimandiwawa kuti panalibe munthu mmodzi yekha m'phanga limenelo woti anene kuti, ayi, ine ndinawaona anthu amenewa, dikirani kaye kuche. Nkhondo ya ku Okinawa inatha chakumapeto kwa Juni. Asilikali a America oposa 12,000 anafa, ndipo mwa anthu a pachilumbapo akuti mmodzi mwa anayi alionse anatsikira kuli chete. Lero ku Mabuni, pa chilumba chomwecho, kuli miyala yolembedwa mayina oposa 240,000, a mbali zonse, osasankha mtundu. Mukamati Pearl Harbor kenako Hiroshima, anthu onsewa mwawafufuta.

Tsono ndikuchenjezeni za asing'anga abodza a mbiri omwe adzaza pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Amabwera ndi kavidiyo ka mphindi imodzi, nyimbo yachisoni pansi, mawu otsimikiza ngati analipo. Ena amati Japan inkamasula anthu a ku Asia m'manja mwa azungu. Kafunseni anthu a ku Nanjing, ku China, za Disembala 1937, pomwe asilikali a Japan anapha anthu miyandamiyanda mumzindawo. Kafunseni a ku Philippines za akaidi omwe anayendetsedwa mpaka kufa kuchokera ku Bataan mu Epulo 1942, kapena za Manila mu Febuluwale 1945, komwe anthu wamba pafupifupi 100,000 anafa. Ena amati America inali mngelo. Auzeni za Tokyo, muwauzenso kuti mu 1942 boma la America linatsekera m'makampu anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani, ambiri mwa iwo nzika zobadwira momwemo, popanda mlandu uliwonse, ndipo linadzapepesa mu 1988. Palinso omwe amalumbira kuti Roosevelt ankadziwa tsiku ndi malo koma anasiya dala anthu ake kuti afe. Akuluakulu a ku Washington ankadziwadi kuti nkhondo yayandikira, koma umboni woti ankadziwa kuti Hawaii ndiyo iphulitsidwe sunapezeke, ngakhale kuti nkhaniyi inafufuzidwa kangapo.

Chizindikiro cha sing'anga wabodza n'chimodzi: chifukwa chake chimakhala chimodzi, wolakwa wake mmodzi, ndipo tsiku satchula. Ngakhale kutha kwa nkhondoyi amakupeputsa. Bomba lachiwiri linagwa ku Nagasaki pa 9 Ogasiti, koma tsiku lomwelo asilikali a Soviet Union analowa mu Manchuria, ndipo atsogoleri a Japan, omwe ankayembekezera kuti Moscow iwayanjanitse ndi adani awo, anataya chiyembekezo chomaliza. Mpaka lero akatswiri enieni amatsutsana kuti chomwe chinalemera kwambiri ndi chiti. Mfumu ya Japan, Hirohito, inalengeza za kugonja pa wailesi pa 15 Ogasiti, ndipo mapepala ogonja anasainidwa pa 2 Sepitembala pa sitima ya Missouri. Munthu akakuuzani zonsezi ndi chiganizo chimodzi, musatumize uthenga wakewo kwa ana anu. Ine ndi amene ndimakumana nawo pa pepala la mayeso.

Ndipo musaganize kuti nkhondo yolimbana ndi Japan inali ya kutali ndi ife. Anyamata a kuno ku Nyasaland, a King's African Rifles, anamenyana ndi asilikali a Japan ku Burma mu 1944 pansi pa Britain, m'chigwa cha Kabaw, mvula ikugwa kosalekeza, malungo ali ponseponse. Omwe atsala moyo ndi ochepa kwambiri, ndipo afika kapena akuyandikira zaka 100. Ndinali ndi wophunzira yemwe anandiuza kuti agogo ake anapita ku Burma. Ndinamupempha kuti akawafunse n'kulemba zomwe anene. Anati apita pa holide, holide itakwana anati apita ya Khirisimasi. Mu Januwale anabwera kudzandiuza za maliro. Ngati kwanu kuli gogo wotero, kapena mkazi wake wamasiye, kapena kabokosi ka mendulo ndi makalata, tengani foni yanu sabata ino mukajambule mawu awo, ndipo muwafunse dzina la gulu lawo, chaka chomwe ananyamuka ndi doko lomwe anakwerera sitima.