Sazae si mayi ake a Katsuo

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva okonda nthano zazithunzi za ku Japan akunena kuti mu Sazae-san, nthano yoseketsa yomwe inayamba kutuluka m'nyuzipepala mu 1946, Sazae ndi mayi wa ana onse atatu a m'nyumbamo: Katsuo, Wakame ndi Tarao. Zimenezi si zoona, ndipo zafika potopetsa.

Katsuo ndi Wakame anabadwa bere limodzi ndi Sazae, makolo awo ndi Namihei ndi Fune a banja la Isono. Mwana wa Sazae ndi Tarao yekha, yemwe anabereka ndi mwamuna wake Masuo, mkamwini wokhala pakhomo pa apongozi ake. Choncho Katsuo ndi malume ake a Tarao, ngakhale kuti onse ndi ana okulira m'nyumba imodzi, ndipo chisokonezo chimayambira pamenepa.

Kutsimikiza nkhaniyi n'kosavuta. Yang'anani mayina a makolo: Katsuo ndi Wakame ndi a Isono, pomwe Sazae ndi Tarao amatchedwa Fuguta, dzina la Masuo. Mvetseraninso kuti Katsuo amamutchula Sazae kuti mchemwali wamkulu. Musanagawire ena zomwe mwangomva pa intaneti, yambani mwatsegula nthanoyo n'kuwerenga nokha.