Musanathiridwe magazi: chifukwa chake amayamba ayezedwa

Magazi onse ndi ofiira, koma si onse amene angalowe m'thupi la munthu aliyense. Kusiyana kwake kuli pa khungu la maselo ofiira, pomwe pamatuluka timaunyolo ta shuga. Tina tinamangirira pa mapuloteni, tina pa timafuta tozikika m'khungumo, ndipo timafuta tokhala ndi shugati ndi timene akatswiri amatitcha glycolipid. Shuga wa kunsonga kwa unyolo ndiye amapatsa munthu gulu lake. Gulu A lili ndi wake, gulu B lili ndi wina, AB ali ndi onse awiri, pamene O alibe shuga womalizayo. Karl Landsteiner ndiye adatulukira magulu a A, B ndi O mu 1901.

Munthu akathiridwa magazi okhala ndi shuga wachilendo, asilikali a m'thupi amaphwanya maselowo msangamsanga. Impso zitha kuwonongeka, ndipo munthu atha kumwalira.

N'chifukwa chake ofufuza akhala akuyesa kudula shuga wa kunsongayo ndi ma enzyme, omwe amagwira ntchito ngati lumo, kuti magazi a A ndi B asanduke O, omwe alibe shuga wodzutsa asilikaliwo. Mu 1982 Jack Goldstein ndi anzake ku New York adakwanitsa kutero pa gulu B ndi enzyme yochokera mu khofi wosakazinga. Mu 2019 Stephen Withers ndi anzake ku University of British Columbia, ku Canada, adapeza ma enzyme osintha A mu tizilombo ta m'matumbo mwa munthu.

Koma lumo limadula pomwe lafika. Ma glycolipid ambiri ndi aafupi, amakhala munsi mwenimweni, atabisika pakati pa mapuloteni aatali ngati kaudzu ka pansi pa thengo lowirira. Enzyme ndi chinthu chachikulu, sichilowa paliponse, ndipo shuga wotsalira, ngakhale wochepa, angathe kudzutsa asilikali a wodwala. Komanso chizindikiro cha Rh, chija chimachititsa kuti tizinena kuti "positive" kapena "negative", ndi puloteni, ndipo ma enzyme odula shugawa sachikhudza n'komwe. Ntchitoyi ndi yopatsa chiyembekezo, koma ikadali pa kafukufuku.

Choncho kuyeza gulu ndi kusakaniza pang'ono magazi a wodwala ndi a wopereka kuti aone ngati akugwirizana si kuchedwetsa chithandizo ayi. Ngakhale magazi a m'bale wanu weniweni amayenera kuyezedwa. Ngati munathiridwapo magazi kale kapena munakhalapo ndi pakati, auzeni a zaumoyo asanayambe.

Magazi akamalowa, musapirire mwakachetechete. Mukamva kutentha thupi, kunjenjemera, kupweteka kwa msana kapena pachifuwa, kubanika, kapena mukaona mkodzo wakuda ngati tiyi, itanani namwino nthawi yomweyo kuti aimitse.